Mano a pa Khadi

Calama, 12 Malichi

Okondedwa amake Marioly,

Ndikhulupirira muli bwino ku Montero kumeneko, inu ndi mwana wathu. Ine ndadzuka, kungoti mphuno ikutulukabe magazi m'mawa ndipo milomo yang'ambika ngati zidendene za m'chilimwe. Musade nkhawa, aliyense wochokera kwathu kotentha amayamba choncho.

Mayi Benigna, amene amayendayenda pakati pa kuno ndi kwathuko, akatsika basi akupatsani kalatayi pamodzi ndi envulopu. Kalipireni chikole cha holo ya phwando la tsiku lobadwa la Marioly ena asanatilande, chifukwa mu Ogasiti atsikana okwanitsa zaka khumi ndi zisanu amachuluka ngati amayi awo anachita kupangana. Zotsalazo mugule malata awiri a pakhitchini paja pakudontha.

Munandifunsa pafoni, uku mukuseka, ngati ndayamba kuzula anthu mano. Ine Ovidio, wokonza mafiriji, ndizule ndani? Ntchito yanga pachipatala cha mano cha a Dokotala Fresia ndi kunyengerera makina kuti asafe. Kwathu adani a makina ndi chinyezi ndi dzimbiri, ndipo amenewo ndimadziwana nawo. Kuno kuchipululu cha ku Chile mvula sigwa, koma zinthu zikufa kuposa kwathu. Mphira iliyonse imauma n'kusweka. Madzi a pampopi ali ndi mchere umene umatseka timapaipi ta pampando wa odwala, ndiye ndimakhalira kutokosa ndi waya. Fumbi ndiye musanene, limalowa ngakhale m'bokosi loti sunatsegule.

Kawiri pamwezi timakwera kumisasa ya anthu a kumigodi pa lole imene m'kati mwake muli chipatala chonse. Kumtundako mpweya ndi wochepa. Kompuresa yopopera mpweya imachita wefuwefu ngati nkhalamba pachitunda, kamakina kobowolera dzino n'kumazungulira mwaulesi munthu atayasamula kale. Poto wowiritsira zida naye amawira msanga asanatenthe mokwanira, adokotala n'kulamula kuti tiyambirenso. Sabata yatha tinabweza anthu angapo osathandizidwa, ndipo onse potuluka ankayang'ana ine. Zinandiwawa kwambiri.

Pali nkhani ina yokhudza pakamwa pangapa, koma ndidikire ipse kaye. Mumuuze Marioly ayambe kuyeserera gule wathu uja, chifukwa bambo ake sadzalola kupondedwa zala pamaso pa anthu.

Ine mwamuna wanu,
Ovidio

Calama, 16 Epulo

Amake Marioly,

Moni kwa nonse. Mphuno yasiya, mutu ndiwo umagunda tikakwera kumtunda. Ndamva kuti mwana anali ndi chimfine, musamulole kugona tsitsi lili lonyowa.

Ndikulemba chifukwa cha chithunzi chija ndinakutumizirani pafoni Lachisanu. Werengani modekha: mano amene mwawaonawo kulibe. Pakamwa panga pali monga mukupadziwira. Dzino limodzi linatsala pamsewu wa ku Warnes tsiku la njinga yamoto lija, ndipo oyandikana nalo ndi obenthuka ndi akuda. Chithunzicho ndi cha kompyuta.

Zinayenda chonchi. Adokotala agula kamera yooneka ngati mswachi wonenepa. Amaiyendetsa m'kamwa, mano onse n'kuonekera pakompyuta monga alili. Kenako amakujambula nkhope n'kuyamba kukoka mizere, dzino ili alitalikitse, ili alichepetse, apa pamene palibe aikepo lina, mpaka munthu uja akumwetulira ngati wa pakalendala. Amuna a kumigodi akadziona choncho salimbanso mtima, amangofunsa kuti tiyamba liti. Makina osema manowo akubwera mwezi wamawa kuchokera ku Santiago, ndipo adokotala ankafuna munthu woyambira. Anandiyang'ana ndikutokosa paipi n'kunena kuti, "A Ovidio, chibwerereni kuno mumaseka mutagwira pakamwa. Siyani wayayo, khalani pampandopo."

Ndinati ndalama zoterozo ndilibe. Iwo anati sakufuna ndalama, akufuna zithunzi ziwiri zokha, cha mmene ndilili ndi cha mmene ndidzakhalire, zoti apachike pakhomo la chipatala. Ndinafunsa ngati zingathe isanafike 19 Ogasiti, chifukwa tsiku limenelo ndikufuna kuvina ndi mwana wanga dzanja lili paphewa pake, osati pakamwa panga. Anaseka, akuti miyezi inayi ndi yokwanira kukonza ngakhale pakamwa pa ng'ona.

Ndikudziwa mufunsa chifukwa chake sindinanene zimenezi pafoni pomwepo. Munayankha ndi timitima tambirimbiri, Marioly n'kulemba kuti bambo ake akuoneka ngati woimba. Chigwereni panjinga paja palibe anandiuzapo mawu oterowo, ndiye ndinati ndisangalale nawo kaye pang'ono. Tsopano mwadziwa zoona. Chithunzicho chisungeni mufoni, musaonetse anthu.

Za diresi, asankhe yekha mtundu. Musamukakamize pinki chifukwa choti inu munavala pinki.

Wanu,
Ovidio

Calama, 21 Meyi

Nélida,

Ndili moyo, ndikhulupirira nanunso muli moyo. Moni ndathera pomwepa chifukwa mtima wanga suli m'malo.

Mayi Benigna andipatsa khadi loitanira anthu kuphwando, ndipo ndalitsegulira pasiteji ya basi pomwepo. Marioly ali pakati, wokongola zedi, inu kumanja, ine kumanzere ndi mano a kompyuta onse ali mbee. Mukuti kalata yanga inachedwa kunyamuka, inafika makhadi mutasindikiza kale n'kugawa Montero yense. Nanga kundifunsa kaye kunali kovuta? Mukuti munafufuza m'nyumba monse osapeza chithunzi china chimene ndikumwetulira. Zimenezo n'zoona, koma zandinyansabe. Ndiye kuti a kutchalitchi, a kumsika, ndi anzanga a pasiteji ya njinga zamoto, onse akudikira kudzaona pakamwa pa Ovidio. Akuti a Chacho a pasiteji paja akufunsa ngati ku Chile mano amagulitsa pa kilo. Muwauze kuti ndikubwera ndidzawalume, adziwe kulemera kwake.

Kubwerera m'mbuyo kulibenso. Lachiwiri tili kumsasa mphepo inatseka msewu, odwala osabwera, ndiye adokotala anati tigwiritse ntchito mpata. Anasema mano asanu akutsogolo kuwasandutsa tizitsa toti atsopanowo adzavalepo. Atatha anayezanso ndi kamera ija, koma kunazizira moti tinachita kuifungatira mujekete kuti idzuke. Ndinadziyang'ana pagalasi kamodzi kokha, ndipo sindikufuna kufotokoza zimene ndinaona.

Pamwamba pa tizitsato amata mano ongoyembekezera a pulasitiki. Amenewa tinapangiratu ndi kamakina kena kamene kamagwiritsa ntchito madzi onata ngati uchi. M'mawa wa kuno uchiwo umalimba, ndiye oyambirira ankatuluka opindika. Ndinakhomera kamakinako kabokosi kokhala ndi babu m'kati, ngati kolerera anapiye, n'kuyamba kutuluka abwinoko. Ndi achikasu, aakulu pang'ono, ndipo ndikamayankhula pamatuluka kamluzu. N'chifukwa chake sindikuimba foni yoonetsa nkhope, musaganize zina.

Makina osema aja afika. Bambo amene anabwera nawo anati amafuna chipinda chopanda fumbi, chosatentha ndiponso chosazizira. Ndinamufunsa ngati anasuzumirako pawindo la ndege potsika. Chipinda chathu masana chimatentha ngati uvuni, kukacha n'kupeza madzi aundana m'paipi. Ndiona chochita, paja walira mvula walira matope.

Chakudya cha paphwando, majadito, mpunga wathu uja wosakaniza ndi nyama youma, akwana. Amene akufuna nyama yootcha abwere ndi ng'ombe yake.

Ovidio

Calama, 2 Julayi

Amake Marioly,

Ndikhulupirira mphepo ya kummwera sinakuvuteni kwambiri chaka chino. Ine ndatsika thupi pang'ono, lamba ndabowola kabowo kena. Si matenda, ndi msuzi ndi nthochi zimene ndikudya tsiku ndi tsiku.

Mwalemba kuti mwina ndapeza mkazi kuno, n'chifukwa chake ndikubisa nkhope pafoni. Ndinaseka ndekha mpaka pulasitiki kugwedera. Mkazi wake uti, Nélida? Sabata yatha kumsasa ndinaiwala, n'kuluma buledi wa kuno wouma khungu uja. Mano onse anatsala pabuledipo, amuna a kumigodi ali pomwepo. Mmodzi anandifunsa mwaulemu ngati buledi wangayo ndi amene ali ndi njala. Mphepo ya kumtundako ikakhudza tizitsa timeneti imalasa mpaka m'maso. Ndinayenda tsiku lonse nditakulunga mpango pakamwa kufikira adokotala atamatanso.

Nkhani yaikulu ndi yoti makina osema afa. Anasema mano a anthu atatu olipira, ine ndili wachinayi pamzere, chifukwa ndinanena ndekha kuti ayambe obweretsa ndalama. Za mmene anafera sindilemba zambiri. Pali fani imene munthu wina anaika kumbuyo kwake kuti iziwaziziritsa masana, monga timachitira ndi mafiriji kwathu, osaganiza kuti mphepo ya kuno imayenda ndi mchenga. Munthuyo mukumudziwa. Adokotala sanakalipe. Anangotsegula chitseko cha makinawo, kupaka chala m'kati, kuchiyang'ana, n'kutuluka. Masiku otsatira ankangondipatsa moni basi. Bola akanandilalatira.

Chitsulo chimene chawonongekacho chikuyenera kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndipo palibe akudziwa tsiku lake. Lachitatu adokotala anandiitana n'kunena kuti lonjezo ndi lonjezo. Atumiza miyezo yanga ija pakompyuta kwa amisiri a mano a ku Antofagasta, aseme konko, iwo alipira. Ndinasowa poika nkhope. Akuti mwezi usanathe akhala atafika.

Tikiti ya basi ndagula kale, ndidzadzera ku Oruro. Oimba aja musawapatse zonse, theka lokha, chifukwa anthu amenewo akalandiriratu amafika alendo akutsanzika. Marioly mumuuze kuti ndikuyeserera gule m'chipinda changa, ndipo mwini nyumba wagogoda kale kawiri.

Ine wanu,
Ovidio

Calama, 6 Ogasiti

Amake Marioly,

Moni. Thupi lili bwino, mutu ndiwo waima.

Mano aja anafika Lachinayi m'kabokosi kakang'ono, atawagoneka pathonje. Nélida, ndi okongola. Ndi omwe aja a pakhadi, sanasiyane ngakhale pang'ono. Ndinakhala pampando mtima ukugunda ngati tsiku limene ndinabwera kwanu kudzakupemphani. Adokotala anachotsa apulasitiki, kuika atsopanowo, kukankha, kuchotsa, kuikanso. Nditaona akubwerezabwereza ndinadziwa kuti zavuta. Mbali imodzi akukhala, mbali ina akutsala m'mwamba.

Akuti vuto ndi kamera ija. Ikazizira kwambiri kapena ikagwedezeka pamsewu wa kumtunda imasokonekera pang'ono, pang'ono pokha ngati tsitsi, ndipo imafunika kuikonza kaye isanayeze munthu. Tsiku lija kumsasa tonse awiri tinangosangalala kuti yayaka. Tsitsi limodzi, mano onse kukana kulowa. Ndinapempha kuti angokankha mwamphamvu, ine ndipirira. Anakana, akuti angasweke kapena angawoletse tizitsa m'kati. Anayezanso pomwepo kamera ataikonza, n'kutumiza. Amisiri aja ayankha kuti ali ndi ntchito yambiri, atsopano afika pa 25.

Pa 25, Nélida. Phwando lili pa 19.

Adokotala anandimatanso apulasitiki n'kunena kuti, "Pitani kwanu, a Ovidio. Tsiku lonyamuka ndidzamata ndi guluu wolimba. Mukangopewa buledi ndi nyama, sagwa."

Ndinati, "Adokotala, inu simukuwadziwa anthu a ku Montero. Adzabwera khadi lili m'thumba kudzafananiza."

"Ndiye afananize. Akatha adzadya, adzavina, adzapita kwawo."

Kunena n'kosavuta. Iwo sadzakhala pakati pa holo nyali zonse zitaloza pankhope, wojambula akuti mwetulirani bambo, mano achikasu ngati chimanga chokazinga, ndipo potsegula pakamwa kuti ulankhule n'kutuluka mluzu.

Kafunseni mwini holo ngati angatisunthire sabata ziwiri. Ndikudziwa makhadi anapita kale ndi tsiku lake, koma pakamwa pali ndi ntchito, anthu tingawauze. Yesani, chonde.

Ovidio

Calama, 13 Ogasiti

Nélida,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ngakhale dzulo munandidulira foni. Zonse munanena ndazimva, ndipo zina mwa izo n'zoona. Za holo ndamvetsa, sizingasunthike.

Mukuti ndikuika mano patsogolo pa mwana. Si choncho. Lachisanu ndinaima pagalasi kuyeserera mawu amene bambo amanena asanavine. Nditangoti Marioly mwana wanga, pulasitiki inafwamphuka n'kugwera musinki. Ndinadziona ndi tizitsa tija, n'kuganiza zimenezo zikuchitika pamaso pa anzake a kusukulu, onse mafoni ali m'mwamba. Adzamuseka mpaka adzakwatiwe. Adokotala akuti guluu wolimba uja sanamate nayebe, ndiye ndisaweruzire pamenepo. Mwina akunena zoona, koma ine mtima wakana.

Tikiti ndabweza, ndalama yake ili mu envulopu imene mayi Benigna akunyamuka nayo mawa. Muonjezere pa keke.

Pemphani alamu a Ruperto avine naye m'malo mwanga, ndiponso amuveke nsapato zatsopano zija monga amachitira bambo pamwambowu. Ndi amalume ake, palibe adzadabwe. Muwabwereke jekete yanga yakuda, ndipo asamwe kanthu gule asanathe. Anthu muwauze kuti abwana andikaniza tchuthi. Marioly ndidzamufotokozera ndekha ndikadzabwera pa Khirisimasi, ndipo tidzajambulitsa chithunzi chabwino atavalanso diresi yake.

Musandiimbirenso za nkhaniyi, ndatopa nayo.

Ovidio

Calama, 10 Sepitembala

Okondedwa amake Marioly,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo kutopa kwa phwando kunatha. Ine ndili bwino. Ndayambanso kudya nyama.

Zikomo ponditumizira vidiyo ija, ngakhale munaitumiza yopanda ndi liwu limodzi lomwe. Ndaionera kambirimbiri. Mwana wathu anali wokongola moti poyamba sindinamuzindikire potsika masitepe. Munagwira ntchito, Nélida, ndipo munaigwira nokha.

Ndinali nditaiwala pakamwa pa alamu a Ruperto. Kutsogolo kuja kwatsala mano atatu, ndipo palibe limene likugwirizana ndi linzake. Anaseka nyimbo yonse kukamwa kuli yasa, nyali zonse zili pa iwo. Pomuveka nsapato anayamba ndi phazi lolakwika, holo yonse n'kugwa ndi phwete, Marioly n'kuwagwira mutu akusekanso. Ndinabwereza pamenepo kufunafuna munthu mmodzi yekha amene akuyang'ana mano awo. Ndinayang'ana ngakhale a Chacho, koma iwo anali kalikiliki ndi mbale. Chimene ndinaona ndi Marioly, gule ali pakati, akuponya maso kukhomo kawiri. Munamuuza kuti sindibwera, koma zikuoneka kuti sanakukhulupirireni. Pamenepo ndinazimitsa foni, ndipo ndinalira.

Mano anafika pa 25 monga ananenera. Analowa bwinobwino osakankha n'komwe. Mluzu unatha, mphepo sikulasanso. Chitsulo cha makina osema nacho chafika, ndipo chipinda chija tamata mazenera onse n'kuikamo choziziritsira chosefa fumbi. Kamera timaikonza kaye tikangofika kumtunda, ndipo kompuresa tagula yaikulu. Zonse zikuyenda tsopano. Adokotala anandiimika pakhoma kuti ajambule chithunzi chachiwiri chija. Anajambula kangapo, kenako anatsitsa kamera n'kunena kuti tidzayesenso tsiku lina, chifukwa munthu akaona nkhope imeneyo pakhomo adzabwerera.

Lamlungu ndinaimba foni yoonetsa nkhope, inu muli kumsika. Anayankha Marioly. Ndinamwetulira mmene ndikanathera kuti aone. Anayang'ana kanthawi, n'kunena kuti, "Ali bwino, ababa. Ndi omwe aja a pakhadi." Ndinayamba kumuuza za Khirisimasi ndi chithunzi chimene tidzajambulitse. Anati diresi anabwereketsa kale kwa mnzake amene phwando lake lili mwezi wamawa, ndipo mpunga ukupserera pamoto. Foni inathera pomwepo.

Musamukalipire. Mu envulopu muli ya sukulu ndi ya magetsi. Jekete ija alamu asabweze, yawakhala.

Adokotala akuti mano amenewa akhoza kukhala zaka makumi awiri osasweka. Sindinawafunse kuti ndizichita nawo chiyani.

Ine mwamuna wanu,
Ovidio